Mizere Iwiri ya Kabichi

Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma pa nkhani yowalitsa zinthu ndinali pulofesa. Mukandipatsa nsapato yotha ntchito ndinkakubwezerani galasi lometera ndevu. Mukandipatsa simenti ya pakhonde ndi kachitini ka polishi wofiira, mlendo wanu ankayamba wapepesa asanaponde. Luso limeneli ndilo linandichotsa ku Zomba mu 1975, boma likusamukira ku Lilongwe. Abwana anga a Paxton Chikafa, amene ankagwira ntchito mu ofesi ina ku Capital Hill, anakweza mipando, firiji, galu ndi ine pa lole imodzi, ndipo amene tinafika osathyoka mwendo tinali ine ndi galu.

Nyumba inali ku Area 10. Mwini wake pa pepala anali abwana, koma wolamula anali akazi awo, adona Marcelina. Ine Benedicto ndinali wa m'nyumba, wa yunifolomu yoyera ya mabatani amkuwa. Kunja kunali a Che Iddi.

A Che Iddi anali bambo wa imvi, wa zidzukulu zinayi, koma adona ankawatchulabe gadeniboyi. Ankakhala ku Old Town kufupi ndi mzikiti, ndipo m'mawa uliwonse ankapalasa njinga kukwera mtunda wonse uja. Asanabwere kwathu anagwirako ntchito zaka khumi m'minda ya kafukufuku ku Chitedze, akunyamulira zidebe anthu ophunzira ndi kuwabera nzeru ndi maso. Ulemerero wawo unali kabichi wa m'dzinja. Mu Juni kabichi amalima aliyense, ngakhale ine. Koma mu Januwale, mvula ili pakati, wa anthu ena akuola m'minda, wa a Che Iddi ankaima mizere isanu ndi umodzi kuseri kwa khitchini ngati asilikali pa perete.

Tinkagwirizana mwa njira yathu. Iwo ankanditchula Bwana Galasi. Ine ndinkawatchula Nduna ya Manyowa, koma chapansipansi, poti masiku amenewo nthabwala yolakwika inkatha kukukwezetsa galimoto imene sunaiimitse.

Tsiku lina mu Januwale wa 1978 adona analengeza kuti Loweruka kukubwera alendo kudzamwa tiyi: akazi a bwana wa abwana athu, pamodzi ndi amayi ena anayi. Mayi wamkuluyo anali atamva za kabichi wa m'dzinja ndipo ankafuna kumuona ndi maso awo.

Ana a masiku ano sangamvetse. Nthawi imeneyo kukamveka kuti kukubwera wamkulu, chilichonse choima chinkapakidwa laimu. Miyala ya m'mbali mwa njira, mitengo mpaka m'chiuno, zitsa, mizati. Ukaima nthawi yaitali pamalo amodzi nawenso unkatha kupakidwa. Ndiye kuyambira Lachitatu ine ndi a Che Iddi tinali ndi ndowa ndi burashi, mpaka galu anayamba kutizemba.

Lachisanu masana a Che Iddi anasamba, navala mkanjo ndi kofiya, nakwera njinga kupita ku mapemphero. Lachisanu sankabwereranso. Adona anandiitanira pakhonde.

"Benedicto, mawa ndisachite manyazi. Paliponse pamene diso la mlendo lingagwere, pawale. Wamva?"

"Ndamva, adona."

Ndinamvadi, ndipo vuto langa linayambira pa kumva bwino kumeneko. Ndinapita kugeti n'kuyamba kuyenda ngati mlendo, manja kumbuyo, mphuno m'mwamba. Miyala inali bwino. Khonde linkachita kuthobwa m'maso. Ndinazungulira kuseri, ndinatsata kanjira ka kudimba, ndipo ndinaima.

Kabichi yense anali wotuwa mbuu, ngati miyendo ya mwana wosadzola mafuta. Tsamba lililonse linali ndi kaufa koyera pamwamba. Ndinadutsitsapo chala, kaufa kaja kanachoka, ndipo pansi pake panatuluka mtundu wobiriwira wonyezimira umene sindinauonepo m'dimbamo. Ndinapukusa mutu. Zaka khumi ku Chitedze, munthu osadziwa kuti mbewu zake zadetsedwa ndi fumbi la malole omanga City Centre. Zoti fumbi la ku Lilongwe ndi lofiira, ndiponso kuti mu Januwale kulibe fumbi, zinandifika m'mutu patapita milungu itatu.

Ndinatereka madzi, ndinathiramo sopo waufa m'beseni, ndinatenga kansalu kanga kachikasu kopukutira magalasi. Ndinagwada m'matope ndi mawondo a yunifolomu. Tsamba ndi tsamba, pamwamba ndi pansi, mpaka m'makwinya, monga mmene mayi amasambitsira khanda kuseri kwa makutu. Kenaka kutsukuluza, kenaka kupukuta ndi nsalu youma. Ndinasambitsa mizere iwiri yokha ya m'mbali mwa kanjira, mitu makumi awiri ndi inayi. Ndine waukhondo koma si ine chitsiru: mayi wovala nsapato za gogoda salowa m'matope kukayendera mzere wachitatu.

Loweruka a Che Iddi atangofika adona anawaimika kugeti kuti azitchetcha ndi kulandira magalimoto, moti dimba lawo analiona pamodzi ndi alendo. Dzuwa linatuluka pa nthawi yake ngati nalonso lalandira kalata. Kabichi uja anawala. Amayi aja anaima m'kanjira ndi makapu m'manja, ndipo mayi wamkulu anati chibadwire sanaonepo kabichi wonga ameneyu, ngakhale ku Salisbury. Adona anakula thupi pomwepo. Analonjeza kuti akakhwima, mitu khumi yoyamba ipita kunyumba kwa mayiwo.

"Bambo, mumatani kuti aziwala chonchi?" mayi wamkulu anafunsa a Che Iddi.

Ine ndinali kumbuyo ndi thireyi, chifuwa chili patsogolo, kudikira. A Che Iddi anayang'ana kabichiyo nthawi yaitali, ngati munthu amene wabwera ku ulendo n'kupeza mkazi wake atameta mpala.

"Ndi Mulungu, mayi," anatero.

Alendo atapita a Che Iddi anandipeza ndikutsuka makapu.

"Bene, dzulo kudimba kunalowa munthu?"

Ndinali nditakonzeka kulandira zikomo. Koma nkhope imene inali pawindo sinali ya munthu wobwera ndi zikomo, ndipo lilime langa limathamanga kuposa mtima.

"Munthu? Mwina mvula, Che Iddi."

"Mvula ya sopo," anatero, nachoka.

Lolemba kunayamba mvumbi. Masiku asanu ndi atatu osaona dzuwa, zovala za adona zikununkhira chinyezi pa chingwe cha m'galaja. Sabata yachiwiri pa masamba panayamba timadontho takuda. Timadonthoto tinakula n'kukhala mawanga a mizeremizere yozungulira, m'mbali mwake mwachikasu. Kenaka panamera chuku, chija chimamera pa buledi woiwalika. Masamba anayamba kufewa ndi kugwa, ndipo fungo linkafika mpaka kukhitchini. A Che Iddi anathyola odwala, anapopera mankhwala, koma mvula inkatsuka tsiku lomwelo.

Chimene chinkandisowetsa tulo chinali chakuti matendawo anali aulemu. Anagwira mzere woyamba ndi wachiwiri, kuyambira mutu woyamba mpaka womaliza, n'kuima pomwepo ngati auzidwa malire. Mizere inayi yakumbuyo, yotuwa ija, inali ndi kadontho apa ndi apo basi, koma ili njo.

Dalaivala wa mayi wamkulu anabwera ndi dengu kudzafunsa ngati kabichi wowala uja wakhwima. Anabwerera ndi dengu lake. Madzulo ake adona anaitana a Che Iddi pakhomo la khitchini, ine ndikusenda mbatata pafupi.

"A Iddi, mankhwala amene ndimagula aja amapita kuti?"

"Amapita pa mbewu, adona."

"Pa mbewu za ndani? Ndamva kuti anzanu amagulitsa mankhwala a mabwana awo kumsika ku Old Town, m'dimba n'kumapopera madzi. Mwandivula pamaso pa anthu. Mwezi ukatha mutule makiyi a shedi. Ndili ndi mwana wa achimwene anga ku Dedza, manja ake ndi abwinobwino. Ndipo musayembekezere kalata yabwino kwa ine."

Ndinasenda mbatata imodzi mpaka inatsala ngati nyemba. Ku Area 10 wantchito ankayenda ndi kalata. Munthu wa imvi wochotsedwa ndi mbiri ya kuba sakanatsegulirwa geti lina lililonse kuyambira kwathu mpaka ku Area 43, poti madona onse ankamwera tiyi pamodzi.

M'mawa mwake mvula itakata a Che Iddi anandikodola ndi chala. Anali ndi kaketulo kawo kosambira asanapemphere.

"Bwana Galasi, tabwerani muphunzire. Sukulu yake ndi yaulere."

Ananditengera ku mzere wachisanu nathira madzi pa tsamba lotuwa. Madziwo anasanduka timikanda, tinagubuduka, tinagwa pansi. Tsamba linatsala louma ngati silinaone kanthu. Tinabwerera ku mzere woyamba, anasankha tsamba limene linali lisanaole, nathiranso. Madzi anayala thupi lonse n'kukhala pomwepo, osapita kulikonse, ngati mlamu wobwera kudzafuna ntchito m'tauni.

"Waona?"

"Ndaona madzi."

"Kaufa kaja si litsiro, mphwanga. Ndi phula. Tsamba limadzipangira lokha, ndiye jasi lake la mvula. Mbewu za chuku zimayenda ndi mphepo, ndi zazing'ono kuposa fumbi, ndipo zimagwera paliponse, mzere woyamba ndi wachisanu chimodzimodzi. Koma kuti zimere zimafuna pogona ponyowa usiku wonse. Zikagwera pa phula zimasowa pogwira, dontho likamagubuduka limapita nazo. Zikagwera pa tsamba lovulidwa zimapeza mphasa yoyala kale. Ndiye ngati wovulayo anakhula ndi mphamvu mpaka kukanda khungu, wazitsegulira ndi chitseko chomwe."

"Mphamvu sizinali zambiri," ndinatero. Kenaka ndinamva zimene ndanena. "Ndikutanthauza kuti, mwina, aliyense amene anachita zimenezo."

"Sindikukufunsa, Bene. Ndikungokuonetsa." Anayang'ana kansalu kachikasu kamene kanali kakusuzumira m'thumba langa. Ndinakakankhira mkati.

"Nanga bwanji osawauza adona za phulazo?"

"Ndiwauze kuti wina anasambitsa kabichi? Afunsa kuti ndani. Wa kudimba akaloza chala wa m'nyumba, amakhulupirira uti? Iwe umawapatsa tiyi m'manja. Ine amandionera pawindo." Anakhuthula madzi otsala m'kaketulo. "Komanso nkhani ngati imeneyi imakoma ikachoka m'kamwa mwa mwini wake."

Munthu wabwino akanapita kwa adona nthawi yomweyo. Ine ndinapita kukaganiza. Ndinati ngati vuto ndi phula, phula limagulidwa. Lachitatu pa hafu deyi yanga ndinatsikira ku Old Town, ndinaonetsa khadi la chipani kwa anyamata a pachipata cha msika, ndinalowa m'sitolo ya a Navin, mmwenye wogulitsa chilichonse kuyambira singano mpaka matayala.

"Phula lopaka masamba a kabichi muli nalo?"

A Navin anavula magalasi. "Kabichi wako akupita ku dansi?"

Ndinatuluka ndi makandulo awiri. Kunyumba ndinasungunula imodzi m'chitini n'kupaka ndi nthenga pa mutu woyamba. Tsamba linapsa n'kukhala ngati la fodya. Pa mutu wachiwiri ndinawaza ufa woyera kuti kutuwa kubwerere, mvula inaponda phala, nyerere zinaitana abale awo a ku Area 12. Pa wachitatu ndinathira paudala wa adona wa kubafa. Ameneyo anaola chimodzimodzi ndi anzake, kungoti ankanunkhira ngati mkwatibwi.

A Che Iddi anayendera ntchito yanga m'mawa mwake, mutu ndi mutu, manja kumbuyo.

"Ku Chitedze akanakupatsa ofesi," anatero.

Mwezi unatha Lachiwiri. Abwana anabwera kudzadya nkhomaliro, ndipo atatha anakhala pakhonde ndi nyuzipepala. Adona anakhala pambali pawo. A Che Iddi anaima pansi pa masitepe, kofiya pamutu, makiyi a shedi m'manja. Anali atatsuka khasu ndi fosholo n'kuziimika pakhoma mwa dongosolo. Ine ndinatuluka ndi tiyi. Ndinali nditalumbira m'khitchini kuti ndingothira n'kubwerera, chifukwa nanenso ndinali ndi mimba yodyetsa. Koma nditaona makiyi aja akulendewera pa chala cha mkuluyo, pakamwa panga panatseguka popanda chilolezo.

"Adona, kabichi uja ndinamusambitsa ndine."

"Wati chiyani?"

"Ndinamusambitsa. Ndi sopo. Ndi madzi ofunda."

Abwana anatsitsa nyuzipepala mpaka pamphuno.

"Usandipusitse, Benedicto," adona anatero. "Ukufuna kumuikira kumbuyo mnzakoyu. Chiyambire liti sopo kudwalitsa chinthu? Sopo amapha matenda."

Taonani tsoka langa. Ena amavutika kuti akane mlandu, ine ndinachita kuvutika kuti andikhulupirire kuti ndine wolakwa. Ndinathamangira kudimba, ndinathyola tsamba lotuwa la mzere wachisanu, ndinabwera nalo pakhonde. Theka lake ndinalikhula ndi kansalu kachikasu, adona akuona. Ndinatenga jagi ya madzi n'kuthira. Mbali yotuwa timikanda tinagubuduka mpaka pa nsapato za abwana. Mbali yowala madzi anakhala. Ndinafotokoza za phula, za jasi la mvula, za mbewu za chuku zofuna pogona, zonse monga ndinazimvera, ndipo ndinazifotokoza bwino kwambiri moti pakati pake ndinayamba kunyada.

"Mitu ingati?" abwana anafunsa.

"Makumi awiri ndi inayi, bwana."

"Tsamba lililonse?"

"Pamwamba ndi pansi, bwana."

Abwana anabisa nkhope m'nyuzipepala. Pepalalo linayamba kunjenjemera, kenaka kunamveka kutsokomola, kenaka anadzuka n'kukaima kumapeto kwa khonde atatipatsa msana, mapewa akugwedezeka. Adona sanaseke, koma ndinaona kuti mkwiyo wawo wasowa pokhala. Anayang'ana a Che Iddi, anayang'ana tsamba, ndipo anati, "A Iddi, bwezani makiyiwo m'thumba."

Pamenepo nkhani inali itatha bwino. Munthu wanzeru akanatola thireyi n'kulowa m'nyumba mwakachetechete, mawa n'kulandira dzina latsopano lachipongwe basi. Koma ine ndinaona kuti abwana akuseka, mphepo ili kumbali yanga, ndiye ndinati ndichepetseko katundu.

"Komanso, adona, paja munanena nokha kuti paliponse pamene diso la mlendo lingagwere pawale. Ine ndinangotsata lamulo."

Mapewa a abwana anasiya kugwedezeka. A Che Iddi anatseka maso.

"Oho," adona anatero motsitsa mawu. "Ndiye kuti wolakwa ndine."

"Ayi, adona, ndimati tonse pang'onopang'ono."

Mwana wa achimwene awo wa ku Dedza uja anafika Lachisanu. Zinapezeka kuti yunifolomu yoyera inamukwana bwino kuposa mmene khasu likanamukwanira.

Kalata yanga analemba ndi abwana, pa taipi ya ku ofesi, ndipo anandipatsira kuseri kwa galaja. Ndinaipereka kwa a Che Iddi kuti tithandizane Chingerezi chake. Inati Benedicto wagwira ntchito kwathu zaka zisanu ndi chimodzi, ndi wokhulupirika, samwa pa ntchito, ndipo ndi waukhondo kuposa munthu aliyense amene ndinakumana naye. Pansi pake panali mzere wina wolembedwa ndi cholembera: asapatsidwe dimba.

Loweruka m'mawa tinazula mizere iwiri ija ndi kuikwirira m'dzenje lakuya kuseri kwa mpanda, kuti chuku chisalumphire yotsalayo. Ntchito imeneyo sinali yanga, poti ndinali nditachotsedwa kale, koma a Che Iddi anandipatsa fosholo osandifunsa. Titatha anamanga sutikesi yanga pa keriyala ya njinga, ndipo tinatsika wapansi kulowera ku Old Town, iwo akukankha, ine ndikugwirizira kumbuyo.

"Ukagona kwathu mpaka upeze pako," anatero titadutsa City Centre. "Mphasa ilipo. Nkhumba sitidya, mowa sulowa, ndipo miphika ya akazi anga usaikhudze. Kuda kwake ndi dala."

"Ndamva, Che Iddi."

"Kumva kwakoko ndiye ndimakuopa. Lolemba ndikakusiya kwa a Dilip, pafupi ndi mlatho. Akufuna munthu wosesa ndi kupukuta m'sitolo. Amagulitsa mapoto, mabeseni, nyale, njinga. Zonse zofuna kuwala."

Tinayenda pang'ono. Njinga inkalira unyolo, ndipo ndinaona kuti mabuleki ake achita dzimbiri, koma ndinasunga manja anga pa sutikesi.

"M'sitolomo mulibe chomera chilichonse?" ndinafunsa. "Ngakhale duwa la m'chitini?"

"Mulibe," anatero a Che Iddi. "Ndinakayang'ana kale."